Parasol pa Chichewa ndi chiyani, ndi ambulera yomweyi?

Mayi wina amene amaphunzitsa kusekondale wandifunsa kuti: "Aphunzitsi, m'buku la ana muli chithunzi cha mzimayi wachizungu wakalekale atanyamula kaambulera kokongoletsa, pansi alembapo parasol. Ndiwauze kuti chiyani pa Chichewa? Ndingoti ambulera basi?"

Mayi, auzeni kuti ndi kaambulera ka dzuwa, kapena kaambulera kotchenera. Musavutike kupeka mawu atsopano ngati palaso, palibe angakumveni. Ka- wathuyu amagwira ntchito yonse, amanena kuchepa kwa chinthu komanso kukongola kwake, monga timanenera kuti kadiresi, kampango. Tikachuluka ndi timaambulera.

Chimene chimandisangalatsa ine nchoti mawu oti ambulera omwewa poyambirira sankanena za mvula ayi. Tinabwereka ku Chingerezi, iwo anatenga ku Chitaliyana, ombrello, ndipo muzu wake ndi umbra wa Chilatini kutanthauza mthunzi. Parasol nayenso ngwa ku Chitaliyana komweko kudzera ku Chifalansa, para kutchinga, sole dzuwa. Ndiye mukaona amayi pa msika mu Okutobala atafunda ambulera mwana ali kumbuyo dzuwa likuswa mtengo, dziwani kuti akuigwiritsa ntchito mogwirizana ndi dzina lake lenilenilo.

Koma anawo muwafotokozere kuti kameneka sikanali kothawira mvula, kakanangoonongeka. Nthawi ya Mfumukazi Victoria ku Britain, 1837 mpaka 1901, mzimayi wapabwino samatuluka masana opanda kaambulera kake, nsalu yake ya silika, m'mphepete muli mphonje kapena leyisi, mtundu wake wogwirizana ndi diresi, ndipo tina tinali ndi chigwiriro chopindika pakati kuti munthu akakhala m'ngolo ya mahatchi azingokapendeketsa kumene kuli dzuwa. Nkhani inali pa khungu, kupsa ndi dzuwa kumaonetsa kuti ndiwe wogwira ntchito kumunda, ndiye olemera amafuna aoneke kuti iwo sagwira khasu. Nthiti za kaambulerako poyamba amapangira zinthu zolimba za m'kamwa mwa nangumi, mpaka Samuel Fox wa kufupi ndi mzinda wa Sheffield ku Britain atatulukira nthiti zachitsulo zopepuka mu 1852. Cha m'ma 1920 fashoni inatembenuka, khungu lowambidwa ndi dzuwa nkukhala lokongola, timaambulera tija nkuyamba kusowa.

Pali china chimene sindingachidumphe chifukwa chimandikhudza. Zigwiriro za todula kwambiri amasema ndi minyanga ya njovu, ndipo minyanga yambiri ya zaka zimenezo imachokera mbali yathu ino ya Africa, amalonda achiyawo ndi Aluya akuitengera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, nthawi zina pa mapewa a akapolo. Mwana akamayang'ana chithunzicho adziwenso zimenezi.

Za kalembedwe, ndimaona ambiri pa Facebook akulemba ambulela kapena amburera. Lamulo lake ndi ili, r amabwera pambuyo pa e ndi i, l pambuyo pa a, o ndi u. Ndiye bu kenako le, le kenako ra: ambulera. Pa bolodi mulembe kaambulera ndi a awiri, musameze mmodzi.