Mwafunsa, Tayankha: Chikalata cha Word chikundidikiritsa, kodi ndigule kompyuta ina?

Funso: Akonzi, ndili ndi kasitolo kotaipa ndi kusindikiza makalata pa msika wa kwathu kuno, ndipo ndimagwiritsa ntchito laputopu yomwe ndinagula kwa munthu zaka zinayi zapitazo. Masana makalata afupiafupi amatseguka mosavuta, koma lipoti la masamba 60 lomwe ndikutaipira gulu lina la alimi limatenga pafupifupi mphindi ziwiri lisanaoneke, ndipo m'mawa ndikangoyatsa makinawo, ngakhale kalata ya tsamba limodzi imandidikiritsa makasitomala ali chiimire. Mnyamata wokonza makompyuta wandiuza kuti ndingogula ina. Kodi palibe njira ina? Ndine Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Zikomo kwambiri Mayi, ndipo musathamangire kugula ina, chifukwa zimene mwafotokozazi ndi mavuto awiri osiyana, la m'mawa ndi la lipotilo, ndipo lililonse lili ndi gwero lake.

Tiyambe ndi la m'mawa. Mukadina pa chikalata, kompyuta imayamba yatenga pulogalamu ya Word kuchoka pa disiki n'kuiika mu RAM, malo othamanga amene kompyuta imasungiramo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, kenako n'kuwerenga chikalatacho. Pa nthawi yomweyo Windows imakhala ikudzutsa mapulogalamu ena, antivayirasi ikufufuza mafayilo, ndipo zonsezi zimalimbirana disiki imodzi. Malaputopu ambiri akale ali ndi hadi disiki yokhala ndi mbale zozungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndiponso kamkono kamene kamayenera kusuntha kuti kapeze chidutswa chilichonse cha fayilo. Kamkonoka sikangakhale malo awiri nthawi imodzi, choncho ntchito zikachuluka zimaima pamzere. Kuti mutsimikize, tsegulani kalata, tsekani Word, kenako mutsegulenso. Ngati ulendo wachiwiri yatseguka m'kanthawi kochepa, ndiye kuti chochedwetsa ndi disiki, popeza tsopano Word ikuwerengedwa kuchokera mu RAM. Mungathenso kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pulogalamu yoonetsa m'mene kompyuta yatanganidwira, ndipo mukaona kuti pa Disk pakhazikika 100 peresenti kwa mphindi zingapo, ndiye kuti vuto ndi disiki ndithu.

Mankhwala ake ndi kuchotsa hadi disikiyo n'kuikamo SSD, disiki ya mtundu wina imene ilibe chozungulira chilichonse. SSD wamba imawerenga pafupifupi ma megabaiti 500 pa sekondi pamene disiki yozungulira ya laputopu imachita cha m'ma 100, koma phindu lalikulu lili pa timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri timene Word ndi Windows zimafuna poyamba, chifukwa SSD imatipeza mosadikira. M'maganizo anga, palibe ndalama ina imene imasintha laputopu yakale kuposa imeneyi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi makina atsopano. Ngati RAM yanu ndi ya 4 GB ndipo laputopuyo ikulola kuwonjezera, kuifikitsa pa 8 GB kudzathandizanso.

Lipoti la alimi lija ndi nkhani ina. Kuyambira pa Office 2007, Word imasunga zikalata mu mtundu wa .docx, umene kwenikweni ndi mtolo wa mafayilo opanikizidwa ngati zip. Mawu okhaokha salemera, moti masamba 60 opanda zithunzi safika ngakhale megabaiti imodzi. Choncho yang'anani kukula kwa fayilo yanu. Ngati ili ndi ma megabaiti 30 kapena 40, dziwani kuti zolemera ndi zithunzi za minda ndi misonkhano zojambulidwa pa foni, zimene chimodzi chokha chingafike ma megabaiti atatu kapena asanu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mukadula m'mbali mwa chithunzi mu Word, mbali yodulidwayo imangobisika koma imakhalabe mu fayilo. Yambani mwasunga kope lina la lipotilo, kenako dinani pa chithunzi chimodzi, pitani pa Picture Format, sankhani Compress Pictures, chotsani chizindikiro chonena kuti zichitike pa chithunzi chokhacho, vomerezani kuti mbali zodulidwa zifufutidwe, ndipo sankhani 150 ppi, kutanthauza timadontho 150 ta chithunzi pa inchi iliyonse. Pa pulinta wamba ya mu ofesi, ndi anthu ochepa amene angaone kusiyana kwake.

Ngati lipotilo lili m'Chichewa, pali katundu wina amene Word imasenza popanda phindu. Imayerekeza liwu lililonse ndi mawu a Chingelezi, n'kulemba mzere wofiira pansi pa pafupifupi onse, ndipo pa chikalata chachitali imafika polemba uthenga wakuti zolakwika zachuluka moti singathe kuzionetsa zonse. Dinani Ctrl ndi A, pitani pa Review, Language, kenako Set Proofing Language, ndipo chongani malo oletsa kufufuza kalembedwe. Muli pa Review pomwepo, onaninso ngati eni lipotilo sanasiye Track Changes ikugwira ntchito, chifukwa imasunga chilichonse chimene chinafufutidwa kapena kusinthidwa mpaka wina atavomereza zosinthazo.

Pa ntchito ngati yanu, makasitomala amabwera ndi mafulashi, ndipo si bwino kutsegulira chikalata pa fulashi pomwepo, chifukwa mafulashi ambiri otsika mtengo ndi ochedwa kuposa disiki ya mkati. Chikopereni kaye pa kompyuta antivayirasi itachiyeza. Pulinta nayo imalowerera, popeza Word imafunsa pulinta yosankhidwa kuti idziwe m'mene iyalire masamba, ndipo ngati pulintayo ndi ya pa netiweki koma yazima, Word ingathe kuima kudikira yankho. Magetsi akazima n'kuyamba kugwiritsa ntchito batire, Windows imachepetsanso liwiro la makina kuti moto ukhalitse, choncho musadabwe zinthu zikamachedwerapo pa nthawi imeneyo.

Zonsezi zikakanika, gwirani batani la Ctrl potsegula Word kuti iyambe mu Safe Mode, momwe zowonjezera zonse, timapulogalamu tolumikizidwa ku Word, zimakhala zozimitsidwa. Ikatseguka msanga, ndiye kuti pali chowonjezera china chimene chikuikoka miyendo, ndipo mungachizimitse kudzera pa File, Options, Add-ins. Mukapita kwa mnyamata uja kukaikitsa SSD, muuzeni kuti ayambe wakopera zikalata za makasitomala anu onse, ndipo disiki yakaleyo akubwezereni ataiika m'kabokosi ka USB kuti muzisungiramo makope.