Ndalama zothandizira ana a autism: kuyankha mayi a ku Namwera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Namwera. Mwana wawo wa zaka 7 anamupeza ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa kuti mwana azivutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena, ndipo iwo ndi makolo anzawo amakumana kawiri pa mwezi. Analemba kuti: "Tinajambula tokha timakadi ta zithunzi toti ana athu aziloza pamene pakuwawa akapita kuchipatala. Tikufuna tichulukitse, tigawireko anzathu mpaka ku Makanjira, koma ndalama tilibe. Tikagogode khomo liti, nanga tikanene chiyani?"

Mayi, musadzione ngati opempha wamba. Muli ndi chinthu m'manja chimene ambiri olemba mapulopozo alibe: chipangizo chimene mwayesa kale pa ana anu ndipo mwaona kuti chikugwira ntchito. Nkhani yanu iyambire pamenepo.

Amene mukawapemphe thandizo ambiri sadziwa kuti kakadi ka zithunzi ndi nkhani ya moyo. Muwafotokozere. Mwana amene sayankhula, dzino likamuwawa kapena khutu likatukusira, sanena. Amadzimenya mutu, amakana nsima, amachezera kulira, ife n'kumati wayamba misala yake, ena n'kumanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira. Mukafika naye kuchipatala, mzere ndi wautali, phokoso lamusokoneza kale, adokotala ali ndi mphindi zochepa. Mwana amabwerera ndi panado, nthenda yeniyeni osaipeza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 127 aliwonse anali ndi autism, ndipo limanenanso kuti ambiri mwa iwo amakhalanso ndi khunyu, nkhawa kapena vuto losowa tulo. Choncho ana athuwa amafunika chipatala kwambiri, koma ndi omwenso amavutika kumvana ndi achipatala.

Nanga bwanji osangotsitsa makadi pa intaneti? Adzakufunsani zimenezo. Muwauze kuti makadi akunja amaonetsa chimbudzi chogejemula ndi zakudya zimene mwana wa ku Katuli sanazionepo. Anu akuonetsa mjigo, neti, phala, usipa, kabaza, bukhu la kusikelo. Ndiponso kuno kwathu mawu a pansi pa chithunzi ayenera kukhala m'Chiyao ndi m'Chichewa, apo ayi agogo amene amatsala ndi mwana sapindula nawo.

Tsopano makomo. Loyamba ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma pano pa Mangochi, kumene gulu lanu lingalembetsedwe ngati bungwe la m'dera (CBO). Mukhale ndi malamulo a gulu olembedwa, komiti, ndi akaunti imene ndalama sizituluka popanda anthu awiri kapena atatu kusainira. Ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, koma mabungwe ambiri saika ndalama za gulu pa foni ya munthu mmodzi. Kenako nkhani yanu idutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC) kuti ikamveke ku khonsolo, ndipo khansala ndi phungu wa dera lanu aidziwe. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024 linabweretsa bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA, ndipo pali thumba la boma la Disability Trust Fund. Kafunseni m'mene gulu ngati lanu lingapezere thandizo kumeneko. Mulumikizanenso ndi PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, komanso FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Ngakhale asakupatseni ndalama, amamva msanga kukatuluka mwayi.

Koma ine ndikanakhala inu, ndalama yoyamba ndikanaifuna pafupi. Njira ya kuboma imatenga miyezi, pamene makadi 50 oyamba safuna mamiliyoni. Ku mzikiti anthu amapereka sadaka, kutchalitchi kuli magulu a amayi a chifundo. Kuli eni maboti, eni malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndi abale athu a ku Joni amene amasonkherana pa WhatsApp kukagwa maliro kumudzi. Ngati amasonkha pa maliro, angasonkhenso pa mwana wamoyo, bola muwauze mtengo weniweni ndi kuwaonetsa malisiti. Mukagawa makadi 50 aja n'kulemba zimene makolo ndi alangizi a zaumoyo akunena, mudzakhala ndi umboni wopita nawo ku makomo akuluakulu.

Kalata yopempha ikhale ya tsamba limodzi kapena awiri: ndinu ndani, mwapanga chiyani, mukufuna kufikira mabanja angati ndi m'midzi iti, zidzadya ndalama zingati. Pa bajeti pano ndipo ndikufuna mundimvetse. Ikanimo kusindikiza, kumata makadi ndi pulasitiki kuti asanyowe kapena kung'ambika, thiransipoti yopitira ku Makanjira, mayunitsi, ndi ndalama yosindikizanso pakatha chaka, chifukwa makadi amatayika ndipo ana amakula. Ikaninso malipiro a mayi amene akujambula ndi amene akumasulira m'Chiyao. Asiya geni yawo tsiku lonse, imeneyo ndi ntchito. Zimandipweteka kuona makolo akugwira ntchito yaulere pamene alendo obwera kudzawajambula akulandira ma alawansi. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa masiku atatu pa hotela ina ya kunyanja, wokamba za ana aulumali. Tinadya bwino, tinavala matisheti, koma palibe kanthu kamodzi kamene kanafika m'manja mwa mwana. Wopereka thandizo akafuna kusandutsa pempho lanu kukhala msonkhano wotero, mukaneni mwaulemu.

Musanachulukitse, makadiwo awaone munthu wachipatala, namwino kapena kiliniko ofesala, kuti pasakhale cholakwika komanso kuti iwo akawazindikire mwana akawatulutsa. Funsaninso achinyamata ndi akuluakulu amene ali ndi autism. Alipo pakati pathu, ena amayankhula bwinobwino, ndipo ndi iwo angakuuzeni chithunzi chimene chikusokoneza kapena mawu amene akunyoza. Nawonso alipidwe. Ndipo nkhope za ana musazigulitse: chithunzi cha mwana akulira chimakopa ndalama, inde, koma chimakhala pa Facebook mpaka iye atakula. Jambulani makadi ndi manja ogwira makadi.

Pali zinthu ziwiri zimene ndingakonde muwonjezere, zotsika mtengo. China ndi kapepala komata mkati mwa bukhu la kuchipatala, konena kuti mwanayu ali ndi autism, amaopa chakuti, amadekha mukatere, amamwa mankhwala akuti. Chinacho ndi uthenga wa za madzi. Ana ambiri a autism amatuluka mwakachetechete ndipo amakopeka ndi madzi. Ife tili ndi nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe, mtsinje wa Shire ndi zitsime zosavindikira. Uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri m'Chiyao, woyenda pa foni kapena wowulutsidwa pa Dzimwe kapena Radio Maria, ungapangitse asodzi ndi amayi a padooko kumuzindikira mwana wotere akamuona yekha.

Ngati gulu lanu lidzafune maphunziro, WHO inakonza kale ndondomeko yophunzitsa olera ana a zaka 2 mpaka 9 amene ali ndi mavuto a kakulidwe monga autism, ya misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 oyendera pakhomo, ndipo mabuku ake ndi aulere. Pemphani ndalama yomasulira ndi kuphunzitsira, osati yolembera zatsopano. Koma wina akabwera ndi thandizo lomangirira ku mankhwala "ochiza autism", kapena wokuuzani kuti musiye katemera, ndalama yakeyo musailandire. Katemera sayambitsa autism, ndipo mankhwala oichiza kulibe.

Pa 2 Epulo ndi tsiku lokumbukira autism padziko lonse. Muikeni tsiku limenelo m'kalata yanu ngati tsiku logawa makadi oyamba. Mukalemba kalatayo munditumizire pa imelo yomweyi, ndiiwerenga tisanaipereke.