Mafunso pa Chichewa: bala ya panyumba ndi zipangizo zake

Mafunso a ulendo uno achokera kwa Amalawi okhala kuno ku Joni amene akukonza malo omwerapo zakumwa m'nyumba zawo. Ena tawafupikitsa.

Bambo wa ku Rosettenville: Ndikufuna kuitana anzanga pa WhatsApp kuti adzaone malo omwera amene ndakonza pabalaza. Ndilembe kuti "bala langa" kapena "bala yanga"?

Lembani "bala yanga", bambo. Mukalemba "bala langa" anzanu akufunsani kuti mwavulala pati. Bala la pathupi limayenda ndi la, li, lo: bala langa likutuluka magazi. Bala ya mowa ndi mawu obwereka, ndipo imayenda ndi ya, i, yo: bala yanga ili pabalaza. Zikachuluka zonse ziwiri ndi mabala, ndipo apo nkhani yokha ndi imene imasiyanitsa. Pakamwa zimasiyananso. B wa bala la pathupi ndi yemwe uja wa mu banja ndi bambo, amene amamveka ngati mpweya ukubwerera mkati, pomwe b wa bala ya mowa amaphulikira kunja.

Samalaninso ndi kankhodolero kam'mwamba. "Ali m'bala" ndi munthu amene akumwa, koma "mbala" ndi wakuba.

Musaitche shabini. Shabini ndi nyumba yogulitsiramo mowa, ndipo ku Gauteng kugulitsa mowa popanda laisensi ndi mlandu pansi pa lamulo la mowa la chigawochi la 2003. Bala ya panyumba ndi ya inu ndi alendo anu, ndalama siziyendapo. Mawu akuti bottle store nawonso amasokoneza obwera kumene. Kumudzi ndi malo okhala pansi n'kumwa, kuno ndi sitolo yogulamo basi, mukagula muzipita.

Mayi wa ku Cosmo City: Ndinauza kalipentala wathu Mmalawi kuti andikhomere "tebulo lalitali" la bala. Wabweretsa tebulo la mamita 2 koma lofika m'chiuno. Wolakwa ndani?

Palibe wolakwa, mayi, vuto lili pa -tali. Tsinde limeneli limanena za munthu woima, limanenanso za msewu. Kalipentala akamva "tebulo lalitali" amaganiza za m'litali, chifukwa matebulo ambiri amene amakhoma msinkhu wake ndi umodzi, pafupifupi masentimita 75. Mawu amene akanamuthandiza ndi kauntala, amene aliyense amawadziwa kuchokera kugolosale ndi kubanki: kauntala ya bala, makauntala awiri. Ndipo pokamba miyeso tchulani zitatu padera: msinkhu, m'litali ndi m'lifupi.

Msinkhu wa kauntala ya bala ndi masentimita 105 mpaka 110 kuchokera pansi. Mpando wake ukhale wa masentimita 75, kuti pakati pa mpando ndi thabwa patsale mpata wa masentimita pafupifupi 30 wolowa ntchafu. Ngati mukugwiritsa ntchito kauntala ya kukhitchini, imene imakhala masentimita 90, mipando yake ndi ya 65. Anthu ambiri amagula mipando asanayeze, ndiye mlendo amakhala mawondo atapanika kapena chibwano chili pathabwa. Thabwa la pamwamba litulukire kunja masentimita 25 mpaka 30 kumbali ya alendo kuti mawondo asamagunde khoma la kauntala. M'litali muwerengere masentimita 60 pa munthu aliyense, kotero mamita 2 aja akwana anthu atatu bwinobwino. Kumbuyo, koima wothira, kusiyidwe masentimita 90, apo ayi chitseko cha firiji sichitseguka chonse.

Mpando womwewo musautche "mpando wautali", chifukwa angakubweretsereni benchi. Nenani "mpando wa miyendo italiitali", ndipo muonjezere kuti ukhale ndi popondera. Popanda popondera miyendo imalendewera n'kuchita dzanzi.

Pa za mashelefu, shelefu ndi alumali onse ndi olondola, ngakhale alumali akumveka kwambiri kwa akuluakulu. Kabati ndi yokhala ndi zitseko. Botolo lodzaza la mamililita 750 limalemera kuposa kilogalamu imodzi, choncho mabotolo 10 pa thabwa la chipboard (la utuchi wopanikizidwa) la mita imodzi amalipinda pakati pakapita miyezi. Kalipentala aike zogwiriziza pa masentimita 40 kapena 50 aliwonse, ndipo pakati pa shelefu ndi inzake pakhale masentimita 35 mpaka 40. Chipboard chimafufuma madzi akalowa m'mphepete, ndiye m'mphepete monse mumatidwe, ndipo thabwa lenileni lipakidwe vanishi kangapo. Amene muli pa lendi yambani mwafunsa eni nyumba musanaboole khoma.

Mtsikana wa ku Randburg: Kuntchito timati glass pa chilichonse. Kodi pa Chichewa "galasi ya mowa" ndi zolondola?

Anthu akumvani, koma Chichewa chokhazikika ndi tambula. Galasi ndi la pawindo, la pagalimoto kapena lodziyang'anirapo, ndipo magalasi ndi a m'maso. Chomwera ndi tambula imodzi, matambula asanu. Kapu ili ndi chogwirira ndipo ndi ya tiyi. Chikho ndi chipanda ndi za masese ndi thobwa, musazikokere ku mowa wa jini.

Mitundu ya matambula ilibe mayina akeake pa Chichewa, timangoifotokoza, ndipo zimakwana. Tambula yaifupi yokhuthala pansi, ya mamililita 250 mpaka 300, ndi ya whisky kapena brandy wa ayisi. Tambula yaitali, ya 300 mpaka 350, ndi ya zosakaniza ndi toniki kapena Coke. Tambula yamwendo ndi ya vinyo, ndipo mwendowo ndi pogwirira kuti dzanja lisatenthetse vinyoyo. Yotsala ndi tambula ya mowa. Poyambira, 6 za mtundu uliwonse zikwana. Za mowa muzitsuke pazokha n'kuzitsukuluza bwino, chifukwa mafuta ndi sopo wotsalira amapha thovu.

Mnyamata wa ku Yeoville, amene amagwira ntchito m'bala ina ku Sandton: Ndikuphunzitsa mng'ono wanga, koma chilichonse ndikungoti "sakaniza". Palibe mawu ena?

Alipo ambiri, achimwene, ndipo apa Chichewa sichifuna kubwereka kanthu. Kusakaniza kumangonena zotsatira zake, sikuuza dzanja chochita. Mng'ono wanu akangomva mawu amodziwo, tsiku lina adzatsekera toniki mu shaker, chiwiya chachitsulo chosakaniziramo zakumwa.

Kukhutchumula ndi kugwedeza mwamphamvu chinthu chotseka, monga timachitira ndi paketi ya Chibuku. Chiwiya chachitsulo chija ambiri amachitcha shaker ndipo palibe cholakwika, ngakhale chokhutchumulira chimamvekanso bwino. Timakhutchumula zakumwa zimene muli madzi a mandimu, madzi a zipatso, kirimu kapena dzira, chifukwa zimenezi sizigwirizana msanga ndi mowa waukali. Muikemo ayisi wofika magawo awiri mwa atatu, mutseke, mukhutchumule masekondi 10 mpaka 15, mpaka kunja kwa chitsulo kuchite mame. Mukapitirira, ayisi amaphwanyikira momwemo n'kuonjezera madzi. Chilichonse chagasi sichilowamo. Gasi amakankha chivindikiro ndipo zonse zimathera pa malaya. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, motero zagasi zimafulumira kututuma kuno kuposa ku Durban.

Kutakasa ndi kuzunguza supuni pang'onopang'ono. Ndi kwa zakumwa za mowa wokhawokha, zimene zikufunika kuzizira koma zikhalebe zoyera mbee, ndipo masekondi 20 mpaka 30 akwana. Supuni yake ndi ya chogwirira chachitali chopotana, kuti ifike pansi pa tambula yaitali. Ena amati kuvundula, koma kuvundula ndi kwa mphamvu, kodzutsa za pansi, monga povundula phala kapena madzi a pachitsime. Mukavundula jini ndi toniki, gasi yense athawa.

Pothira paliponso kusiyana. Kuthira ndi kuika chamadzi m'chiwiya, kochuluka kapena kochepa. Kutsanulira ndi kuchotsa m'chiwiya china kupita m'china, monga kuchokera mu shaker kupita mu tambula, ndipo potsanulira mumadutsitsa pa kasefa kuti tizibenthu ta ayisi titsale. Kukhuthula ndi kuchotsa zonse osasiya kanthu, ndiye musauze mwana kuti "khuthula brandy" pomwe mukufuna toti imodzi. Kudontheza ndi kwa bitters, timadzi towawa tokometsera chakumwa, madontho atatu kapena anayi basi. Mandimu timafinya. Timasamba tonunkhira timatitswanya pang'ono ndi kamunsi, osati kusinja, chifukwa tikasinjika timawawa.

Chakumwa chikaonongeka, tchulani vuto lake lenileni. Chasukuluka ndiye kuti madzi achuluka, kawirikawiri chifukwa cha ayisi wosungunuka. Chasasa ndiye kuti chayamba kuwawasa, monga vinyo amene wakhala chitsegulire masiku ambiri. Chatha gasi ndi cha toniki kapena mowa umene unatsegulidwa kale. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana, ndipo wongoti "sichikukoma" sathandiza wothira.

Bambo wa ku Kempton Park: Kodi "toti" ndi Chichewa? Nanga ndikakhala ndi mitundu itatu ya jini ndinene kuti chiyani?

Toti inalowa kalekale m'chiyankhulo: toti imodzi, matoti awiri. Ku South Africa toti ndi mamililita 25 ndipo dabulo ndi 50, choncho botolo la 750 limatulutsa matoti 30. Kachitsulo koyezera kaja, ka mbali ziwiri, tikatche choyezera matoti, ndipo ndi chipangizo choyamba kugula, shaker isanabwere. Dzanja limanama, makamaka usiku ukapita. Toti yothira mongoyerekeza imasanduka dabulo mwini wake osadziwa. Pa jini ndi toniki, dabulo imodzi imayenda ndi kachitini ka toniki ka mamililita 200, ayisi wodzaza tambula ndi kachidutswa ka ndimu.

Pa funso lachiwiri, musanene "majini". Mukauza apongozi kuti muli ndi majini atatu m'kabati, akuitanirani abusa kapena ashehe. Nenani "mitundu itatu ya jini" kapena "mabotolo atatu a jini", kaya ndi Malawi Gin wobwera pa basi kaya wa kuno. N'chimodzimodzi ndi vinyo: mitundu ya vinyo. Vinyo amayenda ndi wa, vinyo wofiira, vinyo woyera, monga kachasu. Mabotolo a vinyo otsekedwa ndi chitsekero cha khungwa (cork) agonekedwe kuti chitsekerocho chisaume, koma a mowa waukali aime chilili, chifukwa ukali wake umadya chitsekero. Onsewo atalikirane ndi dzuwa la pawindo, ndipo ngati m'nyumba muli ana, kabati ikhale ya loko.

Mayi wa ku Turffontein: Ndaona firiji, fuliji ndi furiji. Cholondola n'chiti? Ndipo ayisi ali ndi dzina la Chichewa?

Lamulo la kalembedwe limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, pomwe l amabwera pena ponse: kulira, kulera, kulola. Mukalitsata, firiji ndi fuliji onse akhoza, malinga ndi mmene mumatchulira. Furiji ndiye amaphwanya lamulo, ngakhale amaoneka kwambiri pa Facebook. Mawu obwereka satsata lamuloli nthawi zonse (shelefu sitilemba sherefu), koma pamene pali mpata wosankha, sankhani wotsata lamulo ndipo mukhale naye mpaka kumapeto kwa zimene mukulemba.

Madzi oundana ndi Chichewa chabwino cha m'mabuku ndi pa wailesi. Pakauntala anthu amati ayisi, ndipo palibe amene angati "ndithirireni madzi oundana awiri". Nenani timiyala ta ayisi tiwiri. Matalala ndi ogwa kumwamba, aja amaphwanya magalasi a galimoto kuno m'chilimwe chawo.

Firiji ya bala, ya malita 90 kapena kuzungulira pamenepo, imalowa pansi pa kauntala, koma isapanikizidwe. Kumbuyo ndi m'mbali kutsale masentimita 5 mpaka 10, chifukwa kutentha kumene imachotsa mkati kumatulukira kumeneko. Ikatsekeredwa m'bokosi lopanda mpata injini yake imalira osapuma, magetsi amatha msanga ndipo mowa suzizira. Mowa umafuna madigiri 3 mpaka 5. Mukauika m'chipinda choundanitsa n'kuiwala, botolo limaphulika, poti madzi akaundana amafufuma. Magetsi akathima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola pafupifupi anayi, ndipo pulagi yoteteza ku mphamvu yobwera mwadzidzidzi ndi yotchipa kuposa firiji yatsopano. Mukangoibweretsa kuchokera kusitolo, iime maola angapo musanaiyatse kuti mafuta a mu injini abwerere m'malo mwake.

Ayisi amakoka fungo. Thireyi yake ikakhala pafupi ndi nsomba kapena nyama yosakulunga bwino, whisky wanu anunkha ndiwo, choncho ivindikireni. Timiyala tikuluti timachedwa kusungunuka kuposa ting'onoting'ono, ndipo tambula yodzaza ayisi imasukuluka mochedwa kuposa ya timiyala tiwiri. Pakauntala pakhale kandowa ka ayisi ndi chopanira, zala zisalowemo.

Wowerenga wa ku Diepsloot: Opena kapena chotsekulira?

Onse awiri. Opena ndi wa pakamwa, chotsekulira mabotolo ndi wa polemba, ndipo kutsekula ndi kutsegula ndi mawu amodzi. Cha vinyo chija, chopotera m'chitsekero, ntchito yake ndi kuzula, ndiye chozulira chitsekero chikumveka. Gulani chimene chili ndi zonse pamodzi, kampeni, chozulira ndi opena, ndipo opena winayo mumangirire ndi chingwe pakauntala, chifukwa alendo amapita naye m'thumba osadziwa.