Mchere wa m'ndiwo sunadwalitse amuna anu

Kalata iyi yagona masiku anayi ndisanaiyankhe. Ndinaiwerenga Lachiwiri usiku, n'kutseka foni, n'kupita kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale. Yachokera kwa mayi wachitsikana wa ku Chibavi yemwe wakhala pabanja miyezi 9. Amuna ake awapeza ndi chifuwa chachikulu (TB) ndipo ayamba kumwa mankhwala, koma apongozi afika kuchokera kumudzi ndipo akuti ndi mdulo, wamudula mwana wawo ndi mtengwa. Mlamu wina akuti mapiritsi atayidwe, wodwala apite kwa mneneri. Mayiyu akufunsa ngati kuli bwino kuti ayambe wabwerera kwawo mpaka mitima izizire.

Achemwali, musapite. Ndanena msanga dala kuti ndikasochera m'nkhani yangayi, yankho mukhale mutatola kale.

Ife tinamanga ukwati mu Okutobala 2015. Ine kwathu ndi ku Dedza, amuna anga ku Mponela, ndipo ku Mzuzu kuno inatibweretsa ndi ntchito yawo. Tinapeza kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chiputula, ka lendi, khoma lake lakuda ndi chinyontho kumbuyo kwa bedi. Wachibale tinalibe ngakhale mmodzi mumzinda muno. Chitumbuka changa chinkathera pa "monire" ndi "yewo". Ndinkaona ngati ndi mwayi: banja latsopano, kutali ndi maso a anthu.

Chifuwa chinayamba mu Epulo 2016, nthawi ya mvula ija inagwetsa nyumba zambiri mu Mzuzu muno. Aliyense ankatsokomola, ndiye ndani akanadabwa? Tinapita ku kiliniki ina yolipira, anatipatsa LA, mankhwala a malungo. Patapita masabata awiri tinabwererako, anatipatsa makapisozi. Ndalama inapita, chifuwa chili pomwepo. Pofika Juni, nyengo yomwe ku Mzuzu munthu umagona ndi masokosi ndi mabulangete awiri, ine ndinkadzuka 2 koloko usiku kukafinya malaya awo ogonera mu beseni. Thukuta ngati awathira madzi. M'mawa wina ndinawapeza kukhonde akuboola lamba ndi msomali. Linali bowo lachiwiri. Atandiona anabisa msomaliwo kumbuyo ngati mwana woba shuga.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina woyandikana naye nyumba, wa Umanyano. Kwa inu a kumwera ndi pakati, Umanyano ndi gulu la amayi a CCAP mu sinodi ya Livingstonia, lomwe ku Nkhoma timati Chigwirizano, ku Blantyre Mvano. Mayiyu ankamva kutsokomolako kudzera pakhoma. Anandipeza pampopi n'kundiuza m'Chichewa chake chopindikapindika kuti, "Mama, chifuwa chikapitirira masabata awiri si cha panado. Kapimitseni makhololo kuchipatala cha Mapale." Tinapita. Makina a GeneXpert sanachedwe kunena: TB.

Koma ya TB-yo sinandiopse ngati zimene zinatsatira. Aliyense wopezeka ndi TB amamupempha kuyezetsanso HIV, ndipo pali chifukwa chake: nthawi imeneyo pafupifupi theka la odwala TB m'dziko muno analinso ndi kachilombo. Tinalowa tonse. Anatibaya pachala, n'kutiuza kuti tidikire mphindi 15. Pabenchi paja tinakhala ngati anthu ongokumana mu minibasi. Ndiulule pano: m'mphindi zimenezo ndinawerenga atsikana onse omwe ndinamvapo kuti anayenda nawo tisanakumane, mmodzimmodzi, ndi mayina omwe. Patapita zaka anandiuza kuti nawonso ankawerenga anga. Tonse anatipeza tilibe. Ndipo chikanapezeka, ma ARV analipo, moyo ukanapitirira, monga ukupitirira kwa anzathu ambiri omwe timadya nawo mbale imodzi. Komabe tsiku limenelo ndinadziwa kuti munthu amene ndinalumbira naye pamaso pa abusa ndinali ndisanayambe kumukhulupirira.

Apongozi anafika patatha sabata. Anatsika basi kudepoti atanyamula thumba la ufa ndi nkhuku yomangidwa miyendo, nkhope yotuwa ndi kuzizira kwa ku Chikangawa. Ataona mwana wawo anangokhala pansi, osalira, osayankhula. Tsiku lachiwiri ndikuphika nyemba, ndatapa mchere m'dzanja, ndinangomva andigwira pamkono. Osati mwaukali. Mofatsa ndithu. "Amtengwa, mcherewo siyani. Athire mwana." Anatuluka, n'kuitana kamtsikana ka aneba ka zaka zisanu ndi chimodzi, n'kukapatsa mchere kuti kathire mumphika mwanga, pambaula yanga, m'nyumba mwanga.

Amene munakulira kumudzi kwathu kuja mwamva kale. Kwa ena: akuluakulu amati mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda njira zosayenera, n'kuthira mchere m'ndiwo, amadula amene adye ndiwozo. Munthu amatsokomola, kuonda, kutupa, mwina kulavula magazi. Ndiwo mdulo, ena amati tsempho. Ine sindinali kumwezi, ndipo apongozi ankadziwa. Ndiye chotsala chinali chiyani? Sananditchule hule. Sanafunikire kutero. Kamtsikana kaja kanathira mchere masiku 11.

Chinandipweteka kwambiri si apongozi. Ndi amuna anga. Ankaona zonse ali pampando, atafunda bulangete, n'kumangoyang'ana pansi. Usiku ndikawanong'oneza ankati, "Asiyeni amayi, apita posachedwa." Ndinalongedza chikwama n'kuchikankhira kunsi kwa bedi. Ndalama ya basi ya ku Dedza ndinaimanga pansonga ya chitenje.

Chinandiletsa si chikondi, ndisakunamizeni. Masiku amenewo chikondi sindinkachimva n'komwe. Linandiletsa ndi khadi. Kuchipatala anandilemba kukhala gadiyani: m'mamawa uliwonse asanadye kanthu, ndiwapatse mapiritsi atatu akuluakulu ofiirira, ndiwaone akumeza, ndichonge pakhadi. Sikelo inati makilogalamu 51, ndiye mapiritsi atatu. Ndinkayang'ana timabokosi topanda kanthu tija, miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, n'kumadzifunsa kuti ndikachoka achonge ndani. Apongozi anali atayamba kale kufunsira za asing'anga a ku Nkhata Bay.

Apa ndiwachitire chilungamo mayi aja, chifukwa lero ndi anzanga. M'zaka za m'ma 1990 anaika m'manda achimwene awo awiri, onse atatsokomola n'kuonda chimodzimodzi. Ma ARV aulere anadzayamba mu 2004, iwo atalira kale. M'maso mwawo chipatala chinali malo omwe munthu wotsokomola amapita kukafera. Mdulo unali ndi ubwino umodzi: uli ndi mankhwala ake, uli ndi wolakwa woti aulule, ndipo mwana amachira. Ankagwira chimene akanatha kugwira. Kungoti chogwiracho chinali mkono wanga.

Tsiku la 12 amuna anga anadzuka okha n'kubwera kukhitchini, akugwira khoma. Kamtsikana kanali kataima kale ndi mchere m'manja. Anati, "Amayi, mchere m'nyumba muno azithira ndi akazi anga. Ngati ndi wondipha, undiphe." Anatsokomola mpaka kukhala pansi. Apongozi sanayankhe, anatuluka kukakhala padzuwa. Ndiwo za tsiku limenelo ndinathira mchere wambiri manja akunjenjemera, sizinadyeke.

Ndiye mundimve bwino, achemwali, ndipo amuna amene mukuwerenga mundimve koposa. Nkhondo ya mtengwa ndi apongozi, mtengwa sapambana. Akayankha, ndi wamwano. Akakhala chete, wavomera. Akachoka, wathawa mlandu, ndipo nkhani imeneyo adzaimva mpaka pamaliro. Woyenera kutsegula pakamwa ndi mwini mayi. Kudwala si chifukwa chokhalira chete. Munthu wotha kupempha phala angathenso kunena chiganizo chimodzi kwa amayi ake. Ndimakwiya ndikamva amuna akuti "sindifuna kukhala pakati". Pakati pomwepo ndi pamene munalumbira kuti mudzakhala.

Ndipo poti ndakwiya kale, ndinene za zilangizo zathuzi. Ine anandilangiza usiku wonse, kuonjezera pa bridal shower ya tsiku lathunthu. Za mikanda ndinamva. Za kansalu ndinamva. Za madzi osamba a abambo, za kugwada, za kusatsegula foni ya mwamuna, zonse. Palibe mayi mmodzi yemwe anandiuza chochita mwamuna akasanza pabedi 3 koloko m'bandakucha magetsi atazima, kapena kuti ndalama yolowa ikaima mumayamba kusiya chiyani, kapena kuti matenda a m'nyumba mumauza ndani ndipo simuuza ndani. Timakonzekeretsa atsikana sabata yoyamba ya banja basi. Zinazo akaonera komweko.

Za mneneri

Kwa ifenso anabwera. Osati mwini wake, koma mnzawo wa amuna anga wa kuntchito, atanyamula kabotolo ka madzi odzozedwa ndi uthenga wakuti kumwa mapiritsi ndi kukayikira Mulungu. Anabwera sabata yachinayi, ndipo nthawi imeneyo ndiyo yoopsa. Mankhwala a TB amagwira msanga. Pakatha masabata awiri kapena atatu thukuta limasiya, chifuwa chimachepa, njala imabwera yoopsa (anga ankamaliza mitanda inayi ya nsima n'kumayang'anabe mumphika). Wina akapemphereredwa sabata imeneyo, aliyense amati chozizwitsa, mapiritsi n'kuponyedwa m'chimbudzi. Chikhalirecho tizilombo tambiri tafa, koma tatsala tina togona tomwe timafa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake miyezi iwiri yoyamba munthu amamwa mankhwala anayi ophatikizidwa m'piritsi limodzi, rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako miyezi inayi ya awiri oyambawo. Mukalekeza panjira chifuwa chimabwerera, ndipo chikhoza kubwera chosamva mankhwala, chija amati MDR. Nthawi yathuyo MDR inkatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, wina mpaka kugontha naye makutu. Mneneriyo pamenepo amakhala ali pa msonkhano wina ku Karonga.

Ine ndine Mkhristu ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa. Koma kawerengeni 2 Mafumu chaputala 20. Mfumu Hezekiya anadwala, analira, Mulungu anamuonjezera zaka 15. Ndiye mneneri Yesaya yemweyo, amene anabweretsa uthengawo, analamula kuti atenge nkhuyu aziike pachithupsa. Mneneri weniweni anatumiza anthu kukatenga mankhwala.

Pemphero langa miyezi imeneyo linafupika mpaka kutsala mawu atatu: "Ambuye, asasanze mapiritsiwa." Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, ulaliki wa m'Chitumbuka ukungondidutsa pamutu. Ndinkachita nsanje ndi mabanja omwe tinakwatira chaka chimodzi, akuponya zithunzi pa Facebook ali kunyanja. Amene anandisungira chikhulupiriro ndi amayi a Umanyano aja. Anabwera asanu tsiku lina masana, malaya oyera, masiketi akuda, wina atanyamula mazira 10, wina ufa wa soya, wina kathumba ka makala. Sanafunse kuti walakwa ndani. Anaimba nyimbo yomwe sindinamve ngakhale liwu limodzi, wina anatsegula mawindo onse n'kundikalipira chifukwa chowatseka, anapemphera mwachidule n'kumapita. Mazirawo apongozi ndi amene anawaphika.

China chomwe simunafunse koma ndikuuzani, chifukwa ine chinandigwera. Mwezi wachitatu nanenso ndinayamba kutsokomola, anandipeza nayo, ndinayamba mankhwala omwewo. Ndinali pa mapiritsi olera, poti tinagwirizana zodikira zaka ziwiri. Mwina anandiuza koma mutu unali pena, sindinamve: rifampicin amafooketsa mapiritsi olera, ngakhalenso kolera koika pamkono kaja. Mwana wathu woyamba anabadwa mu 2017. Bambo ake amamutcha mwana wa rifampicin, iye amaganiza kuti ndi dzina la agogo ena. Apongozi atamuona mphuno anangoti, "Uyu ndi wathu," ndipo nkhani ya mchere inafera pomwepo, popanda wopepesa.

Tsono inu. Khalani, ndipo khadi likhale m'manja mwanu. Usiku uno auzeni amuna anu kuti ayankhule okha ndi amayi awo. Akalephera, imbirani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi ntchito yawo. Mapemphero alandireni onse, koma wonena zosiya mankhwala athere pakhonde. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, wina asakulipiritseni. Mkodzo ukafiira musaope, ndi mankhwalawo. Koma maso akachita chikasu, akamasanza osaleka kapena akayamba kuona mwachimbuuzi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Mapazi akamayaka kapena kuchita dzanzi, kanenenso, pali kapiritsi kake ka vitamini B6. Mowa ayi. Mawindo tsegulani ngakhale kuzizire, chifukwa TB imayenda mumpweya, osati m'mbale, ndiye zowapatulira kapu ndi supuni n'zongowasungulumwitsa. Inunso kayezetseni, mufunse za mankhwala oteteza a anthu okhala ndi wodwala, ndipo ngati mukulera, mukawauze anamwino njira yomwe mukugwiritsa ntchito.

Apongoziwo apatseni ntchito. Anga ndinawasiyira phala la m'mawa, la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo ankaliphika bwino kuposa ine. Mundilemberenso akakapereka makhololo a mwezi wachiwiri, mundiuze kuti sikelo ikuti bwanji.