Miyezi 9 ya Fonseca yachuluka? Funsani amene anagwirapo wenzulo

Mkulu wina wandilembera imelo kuti akukangana ndi alamu ake pa nkhani ya Paulo Fonseca, mphunzitsi wa Lyon amene ligi ya ku France inamuletsa kukhala pa benchi kuyambira Malichi mpaka 30 Novembala 2025. Akuti: "Munthu sanamenye oyimbira, ndiye miyezi 9 yonseyi ndi ya chiyani?"

Achimwene, mwandigunda pachilonda.

N'zoona, Fonseca sanaponye chibakera. Masewero ndi Brest ali pafupi kutha, atapatsidwa khadi yofiira, anakagunditsa chipumi chake pa nkhope ya oyimbira, Benoît Millot, uku akulalata. Inu pa TV munaona mphunzitsi wokonda timu yake. Ine ndinaona zina, chifukwa ndinagwirapo wenzulo.

Inali fainolo ya bonanza kwathu kumudzi, mphoto yake mbuzi ndi mayunifomu. Oyimbira amene anapangana naye sanabwere, ndiye anandinyengerera ine poti ndinkakhala kutauni, akuti sindingakondere. Bwalo lopanda mpanda, mizere yojambula ndi phulusa, anthu ataima mpaka m'mphepete mwa golo. Nditapereka penate, mphunzitsi wa timu inayo, bambo aulemu wawo ndithu, analowa m'bwalo n'kundiloza m'maso: "Wadya zingati iwe?" Sanandikhudze ngakhale pang'ono. Anangobwerera pamalo pawo. Koma mawu amenewo anyamata kunjaku anawamva ngati chilolezo. Chinayamba ndi chitsononkho cha chimanga, kenako miyala. Ndinathera m'nyumba ya mayi ena ogulitsa zitumbuwa, amene anatseka chitseko ndi mtondo mpaka kunja kutada. Bambo aja? Komiti inati tingokhululukirana, ndife amodzi. Mlungu wotsatira anali pa benchi, akutafuna nzimbe.

Ndiye musandiuze zoti "sanamenye". Mphunzitsi safunika kumenya, alipo omumenyera. Mu 2023 Roma itagonja kwa Sevilla pa mapenate mu fainolo ya Europa League ku Budapest, mphunzitsi wa Roma José Mourinho anadikirira oyimbira Anthony Taylor pamalo oimika magalimoto n'kumutukwana. M'mawa mwake masapota a Roma anazinga Taylor pa bwalo la ndege ali ndi banja lake, mpando unaponyedwa. Bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA linamuletsa Mourinho masewero anayi basi. Ndipo si koyamba. Mu 2005 ali ku Chelsea ananena zoipa za oyimbira Anders Frisk atasewera ndi Barcelona, Frisk anaopsezedwa kuti aphedwa mpaka anasiya kuyimbira mpira. Chilango cha Mourinho masewero awiri, ndipo mwini wake anadzaulula kuti anazemba n'kulowa kuchipinda cha osewera, potuluka anabisala m'dengu la zochapa. Ife mpaka lero timaseka nkhani ya denguyo. Za Frisk ndani amakumbuka?

Masapotafe chilungamo timachifuna chikamagwera timu ya eni. Wa Arsenal amene akuti Fonseca zamuyenera, mukumbutseni za Arsène Wenger, amene mu 2017 ali mphunzitsi wa Arsenal anakankha Taylor yemweyo pa masewero ndi Burnley n'kungoletsedwa masewero anayi ndi kulipira mapaundi 25,000. Muona akusintha nkhani, ayamba za nyengo ya 2003/04 imene sanagonje mu ligi.

Nanga alamu anuwo muwayankhe chiyani?

Pamene muli ndi mfundo ndi apa: zilango sizifanana. Wokankha masewero anayi, wogunditsa chipumi miyezi 9, zoterezi zimapsetsadi mtima, ngakhale kuti oweruza ake ndi mabungwe osiyana. Koma kwa ine cholakwika ndi masewero anayiwo, osati miyezi 9. Ngati alamu anu akunena zimenezi, agulireni Fanta, akupambanani.