Funsani Amakaniko: Mawaya a earth akulendewera kumbuyo kwa injini

FUNSO: Ndili ndi Toyota Hilux ya petulo ya 1999, injini ya 3RZ-FE. Mwezi watha tinasintha gasketi ya kumutu kwa injini. Chibwerereni ku galaja ikumwa mafuta kwambiri, ikutulutsa utsi wakuda, ndipo kagetsi ka check engine kamayaka n'kuzima kokha. Nditasuzumira kumbuyo kwa injini ndapeza mawaya awiri akulendewera: wina ali ndi kamphete kachitsulo kumapeto, winayo ndi woduka chabe. Mnzanga wati onsewo ndi a earth, ndingowamangirira pabodi. Ndichite zimenezo? (Wowerenga wa ku Mponela)

YANKHO: Musamange kaye, bambo. Pa injini yoyendetsedwa ndi kompyuta pali earth (njira yobwezera magetsi ku negative ya batire) yamitundu iwiri, ndipo iliyonse ili ndi kwake.

Woyamba ndi wa kompyutayo. Mawaya ake amathera pa kamphete, ndipo amamangidwa ndi bawuti pa injini penipeni, kawirikawiri pa intake manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini) kapena pamutu wa injini. Pa pulagi ya kompyuta ya Toyota amatchedwa E1, E01 ndi E02. Awa ndiwo amaiwalika mutu wa injini ukachotsedwa, chifukwa amakhala kobisika, koyandikira khoma la kabini. Wachiwiri ndi earth ya masensa, E2. Uyu samangidwa pachitsulo chilichonse. Amachoka pa sensa ya kutentha kwa madzi, ya throttle (chitseko cha mpweya chomwe chimatseguka mukaponda moto) ndi ya kutentha kwa mpweya, n'kubwerera mkati mwa kompyuta. Masensawa amagwira ntchito ndi mavoti 5 okha, choncho kusiyana pang'ono kwa magetsi pakati pa bodi ndi injini kumakwanira kuwasocheretsa.

Utsi wakudawo ukuchokera pamenepa. Sensa ya madzi imakhala ndi ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa 20°C, ndipo amatsika kufika pafupifupi 300 pa 80°C. Earth ikamagwira mwa apo ndi apo, kompyuta imawerenga mavoti okwera, n'kuganiza kuti injini idakali yozizira, motero imangothira petulo wambiri tsiku lonse. Waya akaduka kotheratu kompyuta imalemba code 22, nambala ya vuto la sensa ya madzi, n'kumayendera 80°C yongoyerekeza. Pamenepo galimoto imavuta kulira m'mawa.

Yambani ndi kufunsa kompyutayo. Ngati pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, lumikizani timabowo take ta TE1 ndi E1 ndi kawaya, tsegulani kiyi osaliza injini, muwerenge kuphethira kwa kagetsi ka check engine kaja, komwe kumapereka ma code. Mukapeza 22, 24 ndi 41 pamodzi (sensa ya madzi, ya mpweya ndi ya throttle), musathamangire kugula masensa atatu. Sangafe onse tsiku limodzi. Chomwe amagawana ndi waya wa E2.

Tsopano mawaya anu. Pa Toyota, wabulauni kawirikawiri ndi earth ya kompyuta kapena ya masensa, ndipo woyera wa mzere wakuda ndi earth wamba. Koma pa galimoto ya zaka zoposa 20 mtundu wokha si umboni, manja ambiri adutsamo. Kuyeza mavoti nakonso kumapusitsa: waya wa earth wosamangidwa angaonetse mavoti 12 chifukwa magetsi akudutsa m'chipangizo chake n'kusowa kopita. Njira yodalirika ndi iyi. Zimitsani kiyi, chotsani teminolo ya negative pa batire, zulani pulagi ya kompyuta, ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa ohm. Nsonga imodzi igwire waya wolendewerayo, inayo muziigunditsa timabowo ta pulagi kamodzikamodzi, osakanikiza kuti tingatanuke. Pomwe mita yatsika kufika pansi pa ohm 1 ndi pomwe wayayo amapita, ndipo chithunzi cha mawaya a galimoto yanu chikuuzani dzina la bowolo.

Wa kamphete akapezeka kuti ndi E1 kapena E01, funani pomwe anali: pamakhala bowo la bawuti lopanda kanthu kapena chizindikiro chozungulira pachitsulo, ndipo wayayo amafika yekha osamukoka. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, palaninso kamphete, mangani ndi sipanala ya 10 kapena 12, girisi mupake pamwamba mutamanga kale. Pa utoto kapena pa dzimbiri earth siigwira.

Woduka uja ndiye wofuna chisamaliro. Akakhala E2, funani mnzake mkati mwa mtolo wa mawaya, mulumikize powotcherera ndi mtovu (solder), muphimbe ndi heat shrink, kapaipi kapulasitiki kothina kakatenthedwa. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira masabata ochepa, kenako chinyezi chimalowa, vuto n'kubwerera. Akakhala VC, waya wa mavoti 5, kumumangirira pabodi kungazimitse injini pomwepo. Akakhala wa mavoti 12, fyuzi ipsa, mwinanso mtolo wonse.

Mukatha, bwezerani batire, lizani injini, muyatse magetsi akutsogolo ndi fani. Ikani mita pa mavoti a DC, muyeze kuchokera pa negative ya batire kufika pa earth ya sensa, pulagi ili m'malo mwake. Isapitirire 0.1. Ikapitirira, onani lamba wamkulu wa earth wochoka pa batire kupita pa injini ndi pabodi; poliza sitata, pakati pa negative ndi buloko ya injini pasapitirire pafupifupi 0.3. Lambayu akamasuka, magetsi a sitata amafuna njira m'timawaya ting'onoting'ono ndi mu kebulo ya throttle, n'kuzisungunula.

FUNSO: Ndinasintha sensa ya geji ya kutentha, ya waya umodzi, koma singano sikusuntha. Yatsopanoyo ndi yakufa? (Wowerenga wa ku Luchenza)

YANKHO: Mwina ayi. Sensa ya waya umodzi imapeza earth kudzera m'mazinga ake, ndiye ngati munakulunga thread tape mwaitsekera njira. Tsegulani kiyi, gunditsani wayayo pa injini kwa sekondi imodzi yokha: singano ikayamba kukwera, geji ndi waya zili bwino. Dikirani injini izizire, masulani sensayo, chotsani tepi yonse, pukutani mazinga, mupake mankhwala omatira pang'ono kumtunda kokha, mazinga oyambirira akhale chitsulo pa chitsulo.