Kodi kuletsa nyambo ndi agalu pa ulenje kunapulumutsa zimbalangondo ndi ma cougar ku America?

Bambo wina amene akugwira ntchito kum'mawa kwa chigawo cha Washington ku America wanditumizira imelo yofunsa za mkangano umene amaumva kwa anzake a kuntchito. Akuti anzakewo, amene ambiri ndi alenje, amadandaulabe ndi lamulo la 1996 limene linaletsa kutchera zimbalangondo ndi nyambo komanso kusaka cougar ndi agalu, ndipo amati anthu a mumzinda wa Seattle, amene sanapondeko m'nkhalango, ndiwo anawalanda mwambo wawo. Funso lake ndi lakuti: kodi lamulolo linali lachilungamo, ndipo kodi linapulumutsadi nyamazo?

Bambo, mafunso anuwa ndi awiri osiyana, ndipo mayankho ake sayendera limodzi. Poyamba tione chimene chinaletsedwa. Kutchera chimbalangondo ndi nyambo kumachitika motere: mlenje kapena kampani yoperekeza alenje imaika mgolo pamalo amodzi m'nkhalango, n'kumathiramo madonasi otsalira, buledi, mafuta ophikira ogwiritsa kale ntchito ndi zotsekemera zina kwa masabata angapo nyengo yosaka isanayambe. Chimbalangondo chikazolowera kudzadya pamenepo, mlenje amakwera pa kansanja komangidwa mumtengo wapafupi, n'kuchidikirira ndi mfuti kapena uta. Kusaka cougar, amene ndi chilombo cha mtundu wa amphaka chofanana msinkhu ndi kambuku koma chopanda mawanga, kumadalira agalu ophunzitsidwa kulondola fungo. Mlenje akapeza mapazi ake, kawirikawiri pa chipale chofewa, amamasula agalu ovala makolala osonyeza kumene ali, ndipo agaluwo amaithamangitsa mpaka itakwera mumtengo. Mlenje amafika pambuyo pake, n'kuiwombera ili panthambi.

Zigawo zambiri za kumadzulo kwa America zimalola nzika kusonkhanitsa masiginecha kuti nkhani iikidwe pa pepala lovotera popanda kudzera ku nyumba ya malamulo, ndipo njira imeneyi ndi imene otsutsa ulenje woterewu anagwiritsa ntchito. California inaletsa kusaka cougar mwamasewera mu 1990 kudzera mu Proposition 117. Colorado inaletsa nyambo, agalu ndi kusaka zimbalangondo m'nyengo imene zimangotuluka kumene m'mapanga mu 1992. Oregon inavomereza Measure 18 mu 1994 ndi mavoti ochepa chabe oposa theka, ndipo alenje atayesa kuichotsa mu 1996 analephera. Chaka chomwecho Washington inavomereza Initiative 655, lamulo limene anzanuwo akudandaula nalo, ndi mavoti pafupifupi 63 pa 100 alionse, pamene ovota a ku Idaho ndi Michigan anakana malamulo ofanana nawo.

Pa funso la chilungamo, anzanuwo akulakwitsa akamanena kuti mfundoyi inachokera kwa anthu osadziwa ulenje okha. Lingaliro lakuti nyama iyenera kukhala ndi mpata weniweni wothawa linakhazikitsidwa ndi alenje eni ake, makamaka a bungwe la Boone and Crockett Club limene Theodore Roosevelt anayambitsa ndi anzake mu 1887. Roosevelt yemweyo, ali pulezidenti, anakana kuwombera chimbalangondo chimene omuperekeza anachipanikiza ndi agalu n'kuchimangirira ku mtengo ku Mississippi mu 1902, ponena kuti umenewo si ulenje. Malamulo a ku America analetsa kalekale kukopa abakha am'tchire ndi nyambo, ndipo alenje ambiri sadandaula nawo. Kuwonjezera apo, malamulo a dzikolo amati nyama zam'tchire si za mwini malo kapena za mlenje, koma boma limazisunga m'malo mwa nzika zonse. Ngati zili choncho, mphunzitsi wa ku Seattle ali ndi ufulu wonena kuti safuna kuti chuma cha onse chiziphedwa chili ndi mutu mumgolo wa madonasi. Funso la mmene tiyenera kuphera nyama ndi la chikumbumtima, ndipo digiri ya sayansi ya zinyama sipatsa munthu mphamvu zoposa za mnzake pa funso lotero.

Komabe dandaulo la anthu akumidzi lili ndi maziko. Ndalama zambiri zoyendetsera maofesi oona za nyama zam'tchire m'zigawo zimachokera ku ziphaso za ulenje ndi ku msonkho wa mfuti ndi zipolopolo umene unakhazikitsidwa ndi lamulo la Pittman-Robertson la 1937. Amene amataya ana a ng'ombe ndi nkhosa chifukwa cha zilombozi ndi alimi akumidzi, pamene mavoti ochuluka ali m'mizinda. Ndipo nkhani ikafika pa pepala lovotera imasanduka mpikisano wa zithunzi za pa televizioni: mbali ina imaonetsa kamwana ka chimbalangondo kamasiye, inayo imaonetsa chilombo chikuzungulira pafupi ndi sukulu.

Cholakwika chachikulu cha malamulowa, m'kuona kwanga, n'chakuti anaika nyambo ndi agalu m'thumba limodzi, kotero kuti wovota analibe mwayi wokana chimodzi n'kuvomera chinzake. Nyambo ndi yovuta kuiteteza. Maofesi omwewo amene amalemba zikwangwani zouza alendo kuti asadyetse zimbalangondo, chifukwa chimbalangondo chozolowera chakudya cha anthu chimadzaphedwa pamapeto pake, ndi amenenso amapereka ziphaso zothirira matani a zakudya zotsekemera m'nkhalango. Kafukufuku wa ku Wisconsin wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti gawo loposa 40 pa 100 la chakudya cha zimbalangondo zimene zinaphedwa kumpoto kwa chigawocho linali lochokera ku nyambo. Ku New Hampshire boma linaletsa chokoleti pa nyambo mu 2015, zimbalangondo zinayi zitapezeka zitafa pafupi ndi malo amodzi otcherapo chifukwa cha poizoni wa m'chokoleticho. Oteteza nyambo amati mlenje amakhala ndi nthawi yoona ngati chimbalangondo chili ndi ana asanawombere, ndipo pali choona pamenepo, koma chachikazi nthawi zina chimasiya ana mumtengo n'kubwera chokha kudzadya.

Nkhani ya agalu ndi cougar ndi yovuta kuposa pamenepo, ndipo apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likulowa. Kuwombera nyama yotopa imene yakakamira panthambi, agalu akuuwa pansi pake, si chinthu chokongola kuchiona. Koma mlenje amene waima pansi pa mtengo amatha kuona ngati ili yaimuna kapena yaikazi, ngati mawere ake akusonyeza kuti ikuyamwitsa, ndipo ambiri amamanga agalu awo n'kuisiya. Izi n'zofunika chifukwa cougar imatha kubereka nthawi iliyonse pachaka, ndipo ana ake amadalira mayi awo kwa nthawi yoposa chaka chathunthu. Agalu ataletsedwa, maofesi a zinyama ku Washington ndi ku Oregon anaopa kuti zilombozi zichuluka, choncho anatsitsa kwambiri mtengo wa chiphaso, anatalikitsa nyengo yosaka, ndipo anaphatikiza chiphaso cha cougar ndi ziphaso za nyama zina zimene anthu ambiri amasaka. Zotsatira zake zinali zakuti alenje zikwizikwi amene anapita kukasaka nyama zina anayamba kuyenda ndi chilolezo chowombera cougar iliyonse imene angakumane nayo mwangozi, ali patali, osadziwa kuti ndi yotani. Patapita zaka zingapo, chiwerengero cha ma cougar ophedwa chinafika ndi kupitirira pamene chinali lamulo lisanabwere, ndipo ku Washington zazikazi ndi zazing'ono zinachuluka pakati pa zophedwazo.

Ofufuza a ku Washington State University, motsogozedwa ndi Robert Wielgus, anapezanso chinthu chimene chimasokoneza mbali zonse ziwiri. Pamene zazimuna zazikulu zaphedwa zambiri, malo awo amalowedwa ndi zazimuna zazing'ono zochokera kwina, ndipo zimenezi ndi zimene zimakonda kuyandikira nyumba ndi makola. Choncho kupha zambiri sikuchepetsa madandaulo a anthu nthawi zonse. Ndipo agalu sanatheretu m'nkhalango: nyumba ya malamulo ya Washington inalola mu 2000 kuti azigwiritsidwa ntchito pochotsa ma cougar oopseza anthu, pamene lamulo lenilenilo linasiya mpata wophera zimbalangondo zimene zimasenda makungwa a mitengo ya makampani a matabwa.

Ndale za nkhaniyi zimaoneka bwino kwambiri ku Maine, kumene ovota anakana kuletsa nyambo, agalu ndi misampha kawiri, mu 2004 ndi mu 2014, ndi mavoti pafupifupi 53 pa 100 ulendo uliwonse. Nkhalango za kumeneko ndi zothithikana, zimbalangondo zambiri zophedwa zimaphedwera pa nyambo, ndipo alenje obwera kuchokera ku zigawo zina amabweretsa ndalama kwa operekeza ndi eni malo ogona akumidzi. Mu 2014 ndalama zambiri za mbali yofuna chiletso zinachokera ku bungwe loteteza nyama la Humane Society of the United States, zimene zinapatsa otsutsa mwayi wonena kuti ndi alendo akunja amene akulowerera, pamene akatswiri ndi alonda a nyama a boma anaonekera pa televizioni atavala yunifolomu akupempha anthu kuvotera kuti ayi. Kulowerera kwa antchito a boma m'kampeni yotere sindikugwirizana nako, ngakhale kuti khoti linakana kuwaletsa. Mu 2024, ovota a ku Colorado, chigawo chimene chinaletsa nyambo kalekale, anakana Proposition 127 imene ikanathetseratu kusaka cougar, zimene zikusonyeza kuti anthu ambiri amasiyanitsa kudana ndi njira inayake yophera ndi kudana ndi ulenje wonse.

Yankho langa kwa inu, Bambo, ndi lakuti ovota a ku Washington anali ndi ufulu wonse wogamula nkhaniyi, ndipo pa nyambo anagamula bwino. Pa cougar, lamulolo linasintha wopha ndi kaphedwe, koma silinachepetse imfa, chifukwa chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe chimakhazikitsidwa ndi komiti yoona za nsomba ndi nyama zam'tchire, imene mamembala ake amasankhidwa ndi bwanamkubwa wa chigawo. Anzanu akadzayambanso kudandaula, muwafunse ngati angavomere kubwezeretsedwa kwa agalu pansi pa malire okhwima a chiwerengero cha zophedwa ndi chitetezo cha zazikazi, nyambo ikhalebe yoletsedwa. Amene angakane ngakhale zimenezo ndiye kuti chimene chikuwapweteka si sayansi ya zinyama, koma kugonjetsedwa pa voti ndi anthu a mumzinda.